Chala Chobwereka

1. Wobadwira panjira

Dzina lake lenileni linkapezeka m'kaundula wa kusukulu basi. Kwina konse ankamutchula kuti Phuma. Akuti tsiku limene anabadwa amayi ake anali pangolo, ulendo wa kuchipatala, koma mwanayo sanafune kudikira. Anabadwira pansi pa mtengo, ng'ombe zili chiimire pamsewu. Kuyambira pamenepo chilichonse ankachita mothamanga: kudya, kuyankha m'kalasi, ngakhale kupepesa kumene.

Chaka chimene tikunenachi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali m'kalasi yomaliza. Bambo ake anali atamwalira iye ali wakhanda. Ankakhala awiriwiri ndi amayi ake m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa phiri, kumene msewu umathera.

Amayi akewo ntchito yawo inali yoswa miyala. M'mawa uliwonse ankakhala pansi m'munsi mwa phirilo atatambalala, mwala uli m'kati mwa kamkombero ka mphira ya tayala, nyundo ili kumanja. Ankaswa mpaka mulu ufike m'chiuno, kenako lole ya omanga nyumba inkabwera kudzanyamula. Anagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri.

Ndiye kunabwera ng'ala. Inayamba diso lamanzere, kenako inalowa lamanja. Poyamba ankangoti kunja kwachita nkhungu. Kenako anayamba kuphonya mwala n'kumadzimenya zala. Pofika chaka chimenechi ankangozindikira kuwala kwa pakhomo, miyala n'kumaswa mopapasa. Phuma ndiye anali maso awo. Ankawaperekeza kuphiri asanapite kusukulu, n'kukawatenga akaweruka, ndipo kapepala kalikonse kofika pakhomopo ankawerenga ndi iyeyo.

Tsiku lina Lachitatu kunafika wazaumoyo panjinga yake.

"Mayi, madokotala a maso akubwera kuchipatala chachikulu," anatero. "Amabwera kamodzi pachaka, ndipo ng'ala amachotsa ulere. Basi yokutengani iliponso. Koma amangotenga okhawo amene ali ndi khadi la kuofesi ya chisamaliro cha anthu. Kalembera wake akutseka mkuja. Musazengereze, ng'ala yanuyi yakhalitsa. Chaka chamawa mwina adzati kwachedwa."

Chidziwitso chimenechi chinali chitamatidwa m'tauni mwezi wathunthu. Koma kuseri kwa phiri uthenga umafika utatopa kale, ndipo nthawi zambiri umafika ntchito yake itatha.

2. Nambala 63

Lachisanu m'mamawa Phuma anajomba kusukulu. Dalaivala wa lole anawachitira chifundo, n'kuwalola kukhala pamwamba pa katundu.

"Lero ndakhalira thukuta langa lomwe," anatero amayi akupapasa miyala imene anakhalirayo. "Uwu ndikuudziwa, unandivuta dzana."

Anagwedezeka maola atatu, fumbi lili m'mano.

Ofesiyo inali kuseri kwa positi, nyumba yachikasu ya masitepe asanu ndi awiri. Amene anamanga masitepewo sanaganizeko kuti odzakwerapo adzakhala a ndodo, a njinga za olumala ndi osaona. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha nkhalamba ikumwetulira, khadi lili m'manja, mano onse ali ngwee. Pakhonde ponsepo panalibe ngakhale mmodzi wofanana nayo.

Pageti panali mlonda, mkulu wa imvi wovala jekete lothothoka mabatani. Ankagawa manambala olembedwa pa tizidutswa ta katoni ya sopo. Phuma analandira nambala 63, n'kukawakhazika amayi ake kumapeto kwa benchi.

Pafupi nawo panali bambo wina wa ndodo ziwiri, wokonda kucheza.

"Inu ndi koyamba? Takulandirani," anatero. "Ine kano n'kachinayi. Koyamba kunalibe magetsi. Kachiwiri magetsi analipo koma netiweki inali itathawa. Kachitatu zonse zinalipo, koma kalaliki anali kumaliro. Lero ndikuona ngati makina ndiwo apite kumaliro."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu otopa. Dzuwa linakwera. Masana chitseko chinatsekedwa kuti a muofesi akadye, ndipo pakhonde ana anayamba kulira. Phuma ananyema buledi amene anatenga kunyumba, n'kuwapatsa amayi ake mbali yaikulu powauza kuti wagawa pakati.

3. Fomu imene sinabwere

Anawaitana thu koloko itadutsa. M'chipindamo munali tebulo limodzi, kompyuta, ndi kalaliki wachinyamata amene taye yake inali itapotoka ndi kutopa. Sanali munthu woipa. Anafunsa dzina, chaka chobadwa ndi kumene amakhala, n'kulemba zonse bwinobwino. Kenako anatembenuza kamera.

"Yang'anani kuno, mayi."

"Kuno kuti, bambo?"

Kalalikiyo anachita manyazi. Phuma anagwira chibwano cha amayi ake n'kuwatembenuza pang'ono, ndipo chithunzi chinajambulidwa.

"Tsopano kwatsala chala basi."

Kumapeto kwa tebulo, kuseri kwa kompyuta, kunali kabokosi kakuda kokhala ndi kagalasi pamwamba. Phuma anatenga dzanja la amayi ake, n'kuika chala chachikulu pa kagalasiko. Kabokosi kanalira kawiri, n'kuyatsa kagetsi kofiira.

"Pukutani chalacho ndi nsalu," anatero kalaliki. Anapukuta. Kofiira.

"Chipakeni pachipumi, pamakhala timafuta." Anapaka. Kofiira.

"Chiuzireni mpweya." Anauzira. Kofiira.

Anayesa zala zonse khumi, chimodzichimodzi, kenako n'kuyambiranso. Pomaliza kalaliki anadzuka, n'kutenga dzanja la amayiwo kuliyang'ana pawindo. Nsonga za zala zinali zosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Miyala inali itadya mizere yonse.

"Apa makina alibe choti awerenge," anatero.

"Ndiye titani, bwana?" anafunsa Phuma.

"Pali fomu ya anthu opanda zala."

"Tipatseni imeneyo."

"Iwe mtsikana, amayi akowa zala ali nazo. Khumi, ndaziwerenga ndekha. Ndikalemba kuti alibe, ndiye kuti ndanama, ndipo ntchito yanga yathera pomwepo."

"Nanga amene zala ali nazo koma mizere alibe?"

Kalaliki anatsegula kabati, n'kufufuzafufuza m'mafayilo, ngakhale ankadziwa kale yankho. "Amenewo fomu yawo sinabwere. Amene angavomereze mwapadera ndi bwana wamkulu okha."

"Ali kuti, tikawaone?"

"Ali kumsonkhano mumzinda. Akukambirana za mmene tingafikire anthu akumidzi. Abwera sabata yamawa."

"Koma mndandanda wa maso mukutseka lero!"

"Folo koloko," anavomera kalaliki. "Umatsekeka wokha m'kompyutamu, ine sindiukhudza. Tamverani, kakhaleni panja, zalazo zipume. Ndikuitananinso ndisanatseke. Ngakhale chala chimodzi chokha chikatheka, ndikulembani."

Amayi anathokoza mwaulemu, monga amachitira anthu amene anazolowera kubwezedwa. Phuma sanathokoze. Mtima wake unali utawira, ndipo anatuluka akukoka amayi ake mwamphamvu kuposa mmene anafunira.

4. Mawu a mlonda

Anawasiya amayi ake pabenchi, n'kupita kukatunga madzi pampopi wa pageti. Botolo litadzaza, anangoima chiimire, madzi akusefukira, maso ali pa chala chake chachikulu. Mizere yake inkaoneka bwinobwino, yozungulirazungulira.

"Tseka mpopiwo, mwanawe," anatero mlonda. "Ndipo chimene ukuganizacho uchitsekenso."

Phuma anadzidzimuka. "Sindikuganiza kanthu, bambo."

"Ndakhala pageti pano zaka khumi ndi zinayi. Munthu akatuluka m'chipinda chija n'kumayang'ana chala chake, ndimadziwa. Bwera ukhale apa."

Phuma anakhala pa njerwa. Mlondayo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Mvetsera, mwana wanga. Kale kunali inki. Munthu ankadinda chala papepala, pepalalo n'kukalowa m'kabati, chiswe n'kudya, nkhani n'kutha. Makinawa alibe chiswe. Ndiponso usaone ngati kabokosi kali mumo kali kokha. Ka muno, ka kuchipatala, ka kusukulu, tonseto timauzana. Chala ukachiikapo kamodzi, chakwatiwa ndi dzina limene lili pakompyutapo, ndipo ukwati wake palibe khoti limene limauthetsa msanga.

"Zaka zitatu zapitazo kunabwera anthu awiri apachibale. Wamkulu anali womanga nyumba, simenti inali itamudya zala ngati amayi akowo. Wamng'ono anamva chisoni, n'kumubwereka chala. Anatuluka pageti pano akuseka, mpaka anandigwira chanza. Patapita chaka wamkulu uja anamwalira, ndipo khadi lake linalembedwa kuti mwini wake kulibe. Kenako wamng'ono anapeza ntchito kufakitale. Atadinda chala, makina anati munthu uyu anamwalira. Ntchito inamupita. Atadwala, kuchipatala anati womwalira sapatsidwa mankhwala. Mpaka lero amabwera kuno Lolemba lililonse kudzanena kuti ali moyo, ndipo amamuuza kuti abwere ndi umboni. Amakhala panjerwa wakhalapo iwepo.

"Iwe ukadali mwana, sunalembetse paliponse. Chala chakocho n'chatsopano, chikudikira dzina lako. Usachipereke. Chifundo chimene uli nachocho n'chabwino, koma makina sadziwa chifundo. Amangodziwa kuti chala chimodzi, munthu mmodzi."

"Ndamva, bambo," anatero Phuma. "Nanga tichite chiyani?"

"Dikirani bwana wamkulu."

"Akubwera mndandanda utatsekedwa."

"Ndiye chaka chamawa."

"Wazaumoyo anati chaka chamawa mwina kudzakhala kutachedwa. Amayi anga adzakhala mumdima mpaka kufa, chifukwa fomu sinabwere?"

Mlonda anavala chipewa chake, n'kuyang'ana kumsewu.

"Limenelo ndilibe yankho lake," anatero. "Ine ndakuuza zimene ndaona basi."

5. Kagetsi kobiriwira

Anawaitananso kutatsala mphindi khumi kuti folo koloko ikwane. Pakhonde panali patatsala anthu asanu okha. Kalaliki anali atamasula taye, maso ali pakompyuta.

"Tiyeni tiyesenso. Chachikulu chakumanja."

Phuma anatenga dzanja la amayi ake monga poyamba. Kofiira. Anayesanso. Kofiira. Wotchi yapakhoma inkamveka ngati nyundo yaing'ono.

"Komaliza," anatero kalaliki osadzutsa mutu.

Phuma anayang'ana maso a amayi ake, oyera mbuu, akuyang'ana khoma limene sankaliona. Sanaganize nthawi yaitali. Sanali munthu woganiza nthawi yaitali. Analowetsa chala chake pansi pa chala cha amayi ake, n'kudinikiza pa kagalasi.

Kabokosi kanalira kamodzi. Kagetsi kanayaka kobiriwira.

"Eyaa!" anafuula kalaliki, akuomba m'manja. "Mwaona, mayi? Ndimanena ine kuti zipume kaye. Mwalowa m'mndandanda!"

Anakondwa ndi mtima wonse, ndipo zimenezo zinamupweteka Phuma kuposa akanakhala kuti wawakalipira. Makina ena analira pakona, n'kutulutsa khadi lotentherabe. Kalaliki analiika m'manja mwa amayi.

"Pakatha masiku khumi, Lolemba, basi inyamuka pabwalo pomwe pano eyiti koloko. Musachedwe. Pokwera mudzadindanso chala chomwechi, ndiye muchisamale."

Amayi anangogwira khadilo ndi manja awiri.

Pageti mlonda anayang'ana khadi, n'kuyang'ana Phuma. Phuma anayang'ana pansi. Mkuluyo anangotsegula geti.

6. Panjira yobwerera

Anabwerera pa lole yomwe ija. Atatsika pamene msewu umathera n'kuyamba kanjira kopita kwawo, amayi anaima, n'kuchotsa dzanja lawo paphewa pa mwana wawo.

"Phuma."

"Amayi."

"Maso ndilibe, koma khungu ndili nalo. Chala changa sichinakhudze galasi lija. Chinali pamwamba pa chikhadabo chako."

Phuma anaweramitsa mutu.

"Ndimvere bwinobwino. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuswa miyala. Ukuganiza kuti ndimaikonda? Ndinkaswa kuti iwe usadzaswe. Mizere ya zala zangazi inathera paphiri paja kuti dzina lako lidzalembedwe papepala la mayeso, lako lenileni, limene anakupatsa bambo ako. Sindinadandaulepo. Ndinkati zanga zithe, bola za mwana wanga zikhale. Lero iwe watenga chokhacho chimene ndinkasunga, n'kukachitaya m'kabokosi ka anthu osatidziwa. Ukanandifunsa. Ukanangondinong'oneza, ndikanakukaniza. Koma iwe kufunsa umati n'kutaya nthawi. Ngakhale pobadwa sunafunse munthu."

"Amayi, ndimafuna muone."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukumenya." Anapuma kaye, n'kupitiriza motsitsa mawu. "Nanenso ndalakwa. M'chipinda muja ndikanatha kunena kuti bambo, chala chimenecho si changa. Ndinaopa kuti akuitanira apolisi. Koma si mantha okha ayi. Atandiika khadi m'manja, mtima wanga unadumpha. Ndikufuna kuona, mwana wanga. Ndinakuona komaliza uli ndi zaka khumi ndi zitatu. Anthu amandiuza kuti watalika, kuti wafanana ndi bambo ako, ine n'kumangovomera. Ndiye ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwangako n'kuba komwe."

Phuma analira. Amayi anapapasa mpaka anapeza phewa lake, n'kuikaponso dzanja.

"Tiye," anatero. "Zachitika."

7. Nsanza pachala

Sabata yotsatira inayenda bwino moti Phuma anayamba kuganiza kuti mlonda uja ankangomuopseza. Amayi anayamba kuyimba akamaswa miyala. Anayamba kutchula zinthu zimene adzayambe kuyang'ana: nkhope ya mwana wawo, denga ngati likudonthadi pamene amamvera, ndiponso dalaivala wa lole, kuti aone ngati kukula kwa mimba yake kukufanana ndi mawu ake.

Lachinayi aphunzitsi aakulu analowa m'kalasi yomaliza.

"Mawa kukubwera a kalembera wa mayeso," anatero. "Chaka chino zasintha. Aliyense adzadinda zala pamakina, kuti wina asadzalembere mnzake. Amene sadzadinda, mayeso sadzalemba. Odwala abwere ndi matenda awo."

Phuma sanawauze amayi ake. Lachisanu m'mawa, ali panjira, anang'amba kansanza n'kukulunga chala chake chachikulu chakumanja, n'kumanga ndi ulusi.

A kalembera anaika tebulo kutsogolo kwa kalasi. Anali mayi wa magalasi, ndipo pambali pa kompyuta yake panali kabokosi kakuda, kofanana ndendende ndi kaja. Ana ankapita mmodzimmodzi, kagetsi n'kumayaka kobiriwira. Dzina lake lenileni litaitanidwa, Phuma anaimirira n'kupita kutsogolo.

"Chala chatani?" anafunsa mayiyo.

"Ndadzicheka ndi mpeni."

"Pepa. Tiyambe ndi zinazo."

Zala zisanu ndi zinayi zinadutsa bwinobwino. Phuma anatembenuka kuti azipita.

"Dikira. Timatenga zonse khumi. Masula tione, mwina bala lili pambali."

"Likupweteka, mayi."

"Ndimasula ndine, pang'onopang'ono."

Mayiyo anadula ulusi, n'kuvundukula kansanza. Chala chinali bwinobwino, popanda ngakhale kachipsera. Anamuyang'ana Phuma pamwamba pa magalasi, n'kutenga chalacho kuchiika yekha pa kagalasi.

Kabokosi kanalira katatu. Pakompyuta panatuluka nkhope ya mayi wa maso oyera, atatembenukira pambali pang'ono, ndipo pansi pa chibwano chake pankaoneka nsonga za zala za munthu wina.

Amene anakhala kutsogolo anaona. "Phuma wakalambanso mwaphuma!" anatero wina, kalasi yonse n'kuphulika. Koma ataona nkhope ya aphunzitsi aakulu, kuseka kunazima.

"Ndani ameneyu?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Amayi anga."

Anafotokoza zonse ali chiimire, misozi ikugwera payunifolomu: za ng'ala, za miyala, za fomu imene sinabwere. Aphunzitsi aakulu anapukuta m'maso.

"Mayi, chonde," anatero aphunzitsiwo. "Mwanayu ndi mmodzi mwa ana anzeru amene ndili nawo. Amayi akewo ndimawadziwa, saonadi. Palibe chimene waba. Simungangodumpha chala chimenecho?"

"Akanandiuza chisanafike pagalasi, mwina ndikanaganiza zochita," anayankha mayiyo, ndipo mawu ake sanali aukali. "Pano zachoka m'manja mwanga. Makina akapeza chala chimodzi pa mayina awiri, amatseka onse awiri okha. Mwanayu sanalembetsedwe mayeso, ndipo khadi la amayi ake lasiya kugwira ntchito. Ine kutsegula sindingathe."

"Mpaka liti?"

"Mpaka afufuze. Ena zimawatengera miyezi, ena zaka."

Analemba kalata, n'kuidinda, n'kuipinda kanayi. Phuma anaiwerenga ali pakhonde la sukulu. Inati mwini khadi ndi mwini chala akaonekere pamaso pa bwana wamkulu, kuofesi ya chisamaliro cha anthu, Lolemba eyiti koloko m'mawa. Linali tsiku lomwelo, ola lomwelo, pabwalo lomwelo pamene basi ya maso inkanyamukira.

8. Kalata

Tsiku limenelo Phuma sanathamange. Njira imene ankaiyenda theka la ola inamutengera maola awiri.

Anapita kuphiri kukatenga amayi ake, koma anapeza nyundo ndi kamkombero ka mphira zili zokha. Anzawo oswa miyala anati abwerera msanga, wina wawaperekeza, ati akukakonzekera ulendo.

Anawapeza atakhala pakhomo, dzuwa likuwawomba kumaso. Pachingwe panali nsalu yawo yabwino, imene ankaisungira kutchalitchi, itachapidwa. Pambali pawo panali chikwama chomangamanga kale, ngakhale kunali kutatsala masiku atatu. Khadi linali pamiyendo pawo, ndipo ankalisisita ndi chala chosalala chija.

"Ndiwe? Wachedwatu lero," anatero akumwetulira. "Tandiuza, m'chikwamamu ndaika sopo, thaulo ndi kapu. Ndaiwala chiyani? Ndimafuna ndiikemonso kagalasi kako koyang'anira nkhope kaja. Akakangondimasula nsalu kumaso, ndiyambe ndaona iwe, kenako ndidzione ndekha, ndione mmene ndakalambira."

Phuma anakhala pansi pafupi nawo. Pokhalapo, kalata inachita phokoso m'thumba la yunifolomu.

Amayi anasiya kusisita khadi, n'kupendeketsa mutu.

"Ndi pepala limenelo?"

"Eya."

"La kusukulu?"

Kumwetulira kunachoka pankhope pa amayi ake pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja, n'kupeza dzanja la mwana wawo, n'kupapasa mpaka anafika pa chala chachikulu, pamene ulusi unasiya mzere. Anachigwira osachisiya.

"Tulutsa undiwerengere," anatero. "Ukudziwa kuti ungathe kundiwerengera chilichonse chimene ukufuna, ine sindingaone. Koma wandibwereka kale chala, mwana wanga. Usandibwerekenso bodza. Werenga zimene zalembedwapo."

Phuma anatulutsa kalata ija n'kuifunyulula ndi dzanja limodzi, pakuti linalo amayi anali asanalisiye. Pamzere woyamba panali dzina la amayi ake, lolembedwa bwinobwino. Pamzere wachiwiri, pamene pankayenera kukhala dzina lake, panangolembedwa kuti: munthu wosadziwika.

"Ndikumvetsera," anatero amayi.